Mausiku Awiri Patsinde pa Michiru

Ndaziona, mwana wanga, ndiye analipira.
Anati, "Amayi, zaka makumi atatu mukulemba malisiti ku Limbe,
kapumuleniko ngati anzanu."
Mtengo wake sanandiuze. Ndinauona ndekha pakhoma
ndipo ndinayamba ndakhala kaye pansi.

Galimoto inandisiya pomwe tala wathera, kupitirira Chilomoni,
fumbi la Okutobala lili gwa m'mano.
Nyumba ya njerwa zofiira, khonde lalitali ngati chipatala cha mishoni,
mizati ya mbawa yomwe chiswe chinalawa n'kugonja.
Mnyamata wa malaya oyera, Fakisoni,
anandilanda chikwama ngati ndadwala.

"Muno mulibe magetsi, amayi," anatero monyadira,
"alendo athu amakonda choncho."
Ndinangomuyang'ana.
Kwathu ku Zingwangwa akathima timatukwana,
kuno mdima ndi wogula.
Denga la udzu, lomwe bambo anga anafa akulakalaka kulisasula,
nyali ya galasi, yomwe inandithera maso powerengera mayeso,
madzi osamba ofunditsa mumgolo ndi nkhuni:
umphawi wonse umene ndinauthawa ndili mtsikana
aupukuta, authira mafuta onunkhira,
auikira thaulo lopinda ngati bakha.

Koma bedi, ayi, ndisaname.
Ndinamira ngati ndowa yoduka chingwe m'chitsime,
bondo langa lamanzere n'kuiwala kuti limandida.

Pakati pa usiku fisi analira kuphiri.
Ndinatuluka ndi chitenje chokha.
Kumunsi mzinda wonse unali psuu ngati makala a mbaula,
Ndirande akuphethira, ndege imodzi ikutsikira ku Chileka,
ndipo ine, wobadwira momwemo,
ndinali ndisanauonepo uli chete.

"Musaope, safika kuno," anatero mawu mumdima.
Anali a Kamowa, mlonda, jasi lofika m'maondo, tochi yomanga ndi mphira.
Tinakhala pamasitepe, aliyense mbali yake.
Anandiuza za nyani amene amaba shuga pathebulo la alendo,
za mkazi wawo wogulitsa tomato, za njinga yosowa tcheni.
Ndinafunsa ngati anagonapo pabedi ngati langa lija.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Zaka khumi ndi zinayi, amayi, ndikulondera tulo ta eni."

M'mawa, m'chipinda chodyera, chithunzi chakale:
mzungu wa ndevu, mfuti paphewa, dzina lake lolembedwa ndi inki yabwino,
dzina la galu wake lilinso pomwepo.
Kumbuyo amuna asanu anyamula kambuku pamtengo,
opanda nsapato, opanda maina.
Wachitatu makutu ake ngati a malume anga a ku Lirangwe.
Ndinaima pamenepo mpaka tiyi kuzizira.
Panja, alendo awiri ochokera kutali
ankajambula mtondo wong'aluka womwe abzalamo maluwa.

Usiku wachiwiri ndinagona osatembenuka.
Ndikuvomera, ndipo manyazi ndilibe kwenikweni.
Thupi silifunsa mbiri ya nyumba.

Pochoka, Fakisoni anandipatsa buku la alendo.
Ena alembamo zoti kuno ndi paradaiso,
wina wadandaula za abuluzi kubafa.
Dzanja langa limadziwa ntchito imodzi yokha,
ndiye ndinalemba tsiku, n'kujambula mzere:
Ndalandira tulo ta mausiku awiri, tathunthu,
kulira kwa fisi kumodzi,
mzinda wanga, kuuonera kumsana.
Wopereka: Wailesi Kamowa, mlonda.
Dzinalo ndinalilemba ndi zilembo zazikulu,
ndikudinikiza mpaka kuonekera tsamba lakuseri.

Ndinafika kunyumba magetsi atathima.
Ndaziona anaimba foni, "Mwasangalala, amayi?"
Ndinati dikira kaye, mwanawe, ndikufuna machesi.